Ukwati Watha, Nanga Ana? Makalata a ku Phalombe

WOULUTSA: Lero makalata ambiri ndi a za m'banja, ndipo achokera kuno ku Phalombe. Tili ndi mayi loya amene amayimira anthu pamilandu ya mabanja. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sititchula.

LOYA: Tiyeni tiyambe, anthu atchera khutu.

WOULUTSA: Kalata yoyamba ikuti: "Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Migowi. Amuna anga anachoka pakhomo chaka chatha nandolo akadali m'munda, ndipo pano anakwatira kwina. Amapikula nsomba kunyanja n'kumagulitsa m'misika. Nditawatumizira uthenga kuti mwana wamkulu akufunika yunifolomu ndi makope, anandiyankha kuti kuno n'kwa chikamwini, ana ndi akwathu, awasamale amalume awo. Ankhoswe ayesa kuwaitana koma sakubwera. Kodi n'zoona kuti pachikhalidwe chathu bambo alibe udindo pa ana?"

LOYA: Pepani mayi ndi katundu amene mwasenza nokha. Yankho ndi lakuti si zoona, ndipo mawu amenewa amandiwawa chifukwa ndimawamva kawirikawiri m'maboma a Phalombe, Mulanje ndi Thyolo. Bambo akafuna kuthawa udindo ndi pamene amakumbukira chikhalidwe.

Tiyambe ndi chikhalidwecho. N'zoona kuti kwa ife a chikamwini mwana amawerengedwa kumbumba ya mayi ake. Munda adzaupeza kuchikazi, ndipo pa nkhani za ukwati wake kapena maliro, mwinimbumba ndiye amayankhula. Koma makolo athu sananenepo kuti mkamwini ntchito yake n'kubereka basi. Ankalima, ankamanga nyumba, ankaveka mkazi ndi ana, ndipo mkamwini waulesi ankamubweza kwawo chifukwa cha zomwezo. Chikamwini chimanena za kumene mwana akhale ndi mtundu umene atenge. Sichinamasulepo bambo kuti asamudyetse. Komanso amalume amene akutchulidwawo lero ali ndi ana awo, feteleza akuwasowa ngati wina aliyense.

Tsono lamulo. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mwana aliyense ufulu wolandira chisamaliro kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, kaya sanakwatirane n'komwe, kaya ukwati unatha. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 ndilo limafotokoza njira yake. Mutha kuyambira ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma, amene timangoti a sosho, kapena kupolisi ku Victim Support Unit. Iwo amamuitana bamboyo n'kukambirana, ndipo abambo ena amagonja pomwepo. Koma dziwani kuti pangano la kumeneko silofanana mphamvu ndi chigamulo cha khoti. Akaliphwanya, musataye miyezi mukupita uku ndi uku. Pitani kukhoti la majisitireti, mukaonane ndi kalaliki, munene kuti mukufuna kudandaula za chisamaliro cha ana. Adzatulutsa chisamani. Simufunika loya kuti muchite zimenezi, ndiponso simufunika kuyamba mwathetsa ukwati. Nkhani ya ana imayenda payokha.

WOULUTSA: Koma mayi, bambowa salandira malipiro a pamwezi. Khoti lidziwa bwanji zimene amapeza?

LOYA: Apo ndi pamene amayi ambiri amagwera. Amafika kukhoti ndi misozi yokha, bambo n'kuimirira kuti ine ndine mlimi wosauka, ndingakwanitse pang'ono chabe. Majisitireti sagamula ndi maloto, amagamula ndi zimene wamva. Choncho mayi, konzekerani. Lembani papepala zimene mwana aliyense amafuna pamwezi: chakudya, sopo, zovala, za kusukulu, za kuchipatala. Malisiti amene muli nawo musunge. Kenako fotokozani zimene mukudziwa za bamboyo: amapikula kudoko liti, amagulitsa msika uti ndi masiku ati, ali ndi njinga yamoto kapena ayi, analima chiyani chaka chino. Ngati alipo munthu amene amamuona pamsika, abwere adzachitire umboni.

Khoti limayang'ana chuma cha makolo onse awiri, osati cha bambo yekha, ndiye inunso mudzafunsidwa za munda wanu ndi geni yanu. Limayang'ananso kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala, ndi ana ena amene bamboyo akuwasamala. Ngati wabereka kwa mkazi watsopanoyo, mwana ameneyonso ndi mwana, khoti silingamutaye. Koma kukwatira kwina si chifukwa choti ana atatu oyamba agone ndi njala. Ndipo popeza kuno ndalama zimabwera ndi nyengo, nthawi ya nandolo, mpendadzuwa kapena fodya, mutha kupempha kuti kaperekedwe kake kagwirizane ndi nyengo zimenezo, m'malo mwa kandalama ka pamwezi kamene adzingokazemba.

Zina ziwiri. Chisamaliro chimafika mpaka mwana atakwanitsa zaka 18, ndipo ngati akadali pasukulu khoti litha kuchipitiriza. Chachiwiri, chigamulo si mwala. Amayi amene anagamuliridwa ndalama kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti ndalama ija lero sigula zimene inkagula. Muli ndi ufulu wobwerera kukhoti lomwelo kukapempha kuti aionenso. Akasiya kupereka, bwereraninso. Wapantchito amatha kumudula kumalipiro, wina kumulanda katundu, ndipo wokanirira dala atha kulowa m'ndende. Koma khoti silidziwa kuti walephera ngati inu simunakanene.

WOULUTSA: Abambo asaganize kuti lero tawakonzera chiwembu. Kalata iyi yachokera kwa bambo wa ku Chiringa. Akuti: "Ndinakhala pachikamwini zaka 11. Ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha ya malata pamalo a apongozi, ndinabzala mitengo, tili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Titasemphana ndi mkazi wanga, alamu anga ananditulutsira zovala panja. Ndikapita kukaona ana amandithamangitsa, koma chimanga ndikatumiza amalandira. Ndikuganiza zokawatenga anawo kusukulu n'kupita nawo kwathu. Nanga nyumba yanga?"

LOYA: Bambo, ndiyambe ndi chimene chandiopsa. Musakatenge ana kusukulu mozemba. Mukatero mudzawaopseza anawo, mudzayambitsa ndewu pakati pa mabanja awiri, ndipo tsiku lodzaima pamaso pa majisitireti nkhani idzakhala ya zimene munachitazo, osati za kulakwiridwa kwanu. Pakali pano mlandu wanu ndi wabwino. Musauwononge.

Ndikunena kuti ndi wabwino chifukwa alamu anuwo akulakwa. Gawo 23 lomwe lija limapatsanso mwana ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Ufulu umenewu ndi wa mwana, si wa amalume kuti aupereke kapena kuumana. Ndiye a kuchikazi amene mukumvera, imvani: simungatambasule dzanja kulandira thumba la chimanga, dzanja linalo mukutseka chitseko. Bambo amene akufuna ana ake ndi dalitso, ena akumusowa.

Pitani kukhoti mukapemphe chimodzi mwa ziwiri: kuti ana azikhala ndi inu, kapena kuti muzipatsidwa nthawi yowaona. Kunena mosapsatira, choyambacho n'chovuta pa nkhani yanu. Lamulo la 2010 limauza khoti kuti liike patsogolo ubwino wa mwana, liganizire kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, limve maganizo a mwanayo, ndiponso lipewe kulekanitsa ana a mimba imodzi. Wa zaka 4 uja, ngati mayi ake akumusamala bwino, n'zokayikitsa kuti angachotsedwe, ndipo mkulu wakeyo angatsatire mng'ono wake. Izi sizitanthauza kuti lamulo linapereka ana kwa amayi. Pakakhala umboni woti ana akuzunzidwa, akugona ndi njala mayi ali kumowa, kapena asiyitsidwa sukulu, abambo amapatsidwa ana. Koma umboni, osati mkwiyo.

Chachiwiricho mutha kuchipeza. Pemphani kuti chigamulo chinene momveka: Loweruka liti, tchuthi chiti, mukawatengera kuti, mukawabweza nthawi yanji. Chigamulo chongoti bambo aziona ana chimabala mikangano ina. Ndipo chimanga mukutumizacho, muzipereka pamaso pa ankhoswe kapena amfumu, pakhale polemba. Ndalama muzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake osafufuta.

Za nyumba, mtima wanu ndikuumva, koma ndisakunamizeni. Makhoti athu akhala akugamula kwa zaka zambiri kuti paukwati wa chikamwini mwamuna ali ndi udindo womangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, moti amene sanamange amalamulidwa kumanga ngakhale ukwati utatha. Inu munamanga kale, ndipo ana anu ndi amene akugonamo. Musaganize zokasasula malata. Koma katundu wina amene munapeza limodzi, mbuzi, njinga, zokolola, zipangizo za ntchito yanu, ameneyo ayenera kugawidwa mwachilungamo pamene khoti likuthetsa ukwati. Kutulutsiridwa zovala panja si chisudzulo.

WOULUTSA: Mawu omalizawo akutifikitsa pa kalata yachitatu, ya mayi wa ku Nkhulambe. "Namondwe wa Freddy atatikokolera nyumba ndi munda mu Malichi 2023, amuna anga anapita ku Joni kukasaka ganyu. Miyezi yoyamba ankatumiza ndalama pa Mukuru, kenako zii. Anzawo akuti ali ku Durban ndipo ali ndi mkazi wina. Amfumu anandilembera kalata yoti ukwati watha. Pali bambo wina akufuna kundikwatira. Kodi ndine mfulu? Nanga ana awiriwa athandizidwa bwanji munthu ali kunja?"

LOYA: Anthu a ku Nkhulambe munaona zoopsa chaka chimenecho, ndipo mabanja ambiri amene madzi sanawaphe anabalalitsidwa ndi umphawi wobwera pambuyo pake. Pepani mayi.

Kalata ya amfumu muisunge, ndi umboni wabwino woti nkhaniyi inafika kwa akuluakulu. Koma siithetsa ukwati. Amfumu, ankhoswe ndi akulu ampingo ntchito yawo ndi kuyanjanitsa ndi kuchitira umboni. Wothetsa ukwati ndi khoti lokha. Ngati unali wa chinkhoswe, pitani kwa majisitireti pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri ngati angapezeke. Ukakhala wa kwa DC, funsani kaye kwa kalaliki kapena ku Legal Aid Bureau, chifukwa maukwati otero kawirikawiri amapita kukhoti lalikulu, lomwe lili ndi nthambi yoona za mabanja. Lamulo la maukwati la 2015 limafuna kuti khoti likhutire kuti banjalo lafika posakonzekanso, ndipo kusiyidwa kwa nthawi yaitali ndi chimodzi mwa zimene limayang'ana. Khoti lidzafuna kuona kuti mwayesetsa kumudziwitsa mwamunayo za mlanduwo, ndiye nambala yake ya foni, mauthenga a pa WhatsApp ndi mayina a abale ake mupite nazo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira n'chakuti anthu a ku Joni amabwera. Tsiku lina adzatsika basi ndi katundu, n'kupeza muli ndi mwamuna wina, n'kuyamba kunena kuti mkazi wanga wandichita chigololo, ana ndikutenga. Pepala la khoti ndi limene lidzakutetezeni inu ndi bambo watsopanoyo.

Za chisamaliro, njira ilipo koma ndi yaitali. Malawi ali m'gulu la mayiko amene South Africa imagwirizana nawo pokakamiza zigamulo za chisamaliro cha ana, ndiye chigamulo cha kuno chitha kutumizidwa kumeneko kudzera m'maofesi a boma. Vuto n'lakuti pamafunika kudziwa kumene munthuyo akukhala ndi kumene akugwira ntchito, pamene abale athu ambiri kumeneko alibe mapepala ndipo amasamukasamuka. Choncho yang'ananinso kuno. Kodi akumanga nyumba kwawo? Anagula njinga yamoto imene mng'ono wake akuchitira kabaza? Amatumiza ndalama kwa mayi ake? Zimenezo muliuze khoti, chifukwa zikuonetsa kuti munthuyo ali nako kothekera, ndipo katundu amene ali m'dziko muno khoti limamufikira msanga kuposa munthu amene ali ku Durban.

WOULUTSA: Iyi alembetsa agogo a ku Chitekesa, walemba ndi mdzukulu wawo. "Mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 15, amene ndikumulera chimwalirireni mayi ake, ali ndi pathupi. Akutchula mnyamata wa zaka 16 wa fomu 2. Makolo a mnyamatayo poyamba anakana, pano akuti ngati tikufuna thandizo mtsikanayo akalowe m'nyumba akhale mkazi wake. Ine mphamvu zolera khanda ndilibe. Ndivomere?"

LOYA: Agogo, musavomere. Ndikudziwa kuti mwatopa, ndipo zimene akunenazo zikumveka ngati kukupeputsani, koma kumeneko n'kumutaya mwanayo. Lamulo la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo atavomereza, mwana wosafika zaka 18 asalowe m'banja. Ukwati umene akukuuzaniwo pamaso pa lamulo kulibe, ndipo akuluakulu oukonza atha kuimbidwa mlandu.

Chimene a kuchimunawo sakukuuzani n'chakuti thandizolo si chifundo chawo. Lamulo lomwelo la 2015 limati amene wapereka pathupi asamale mayiyo nthawi yonse yoyembekezera ndi kulipira zofunika pochira, ndipo ngati iyeyo ndi mwana, udindowo umagwera makolo ake kufikira atakula. Palibe pamene pakuti mtsikana ayambe wakwatiwa. Akabwereranso kokana, khoti la ana lili ndi mphamvu yogamula kuti bambo wa mwana ndani. Limamva mboni, limaona ngati a kwawo anavomerapo pagulu, litha kulamula zoyeza magazi, ndipo wokana kuyezedwa kukanako kumamutsutsa. Mawu aja akuti akalowe m'nyumba, ngati anawanena pali anthu, amenewo ndi mboni zanu.

Simukuyenera kuyenda nokha. Lamulo limalola wachibale, mphunzitsi, wazaumoyo, wapolisi kapena a sosho kukadandaula m'malo mwa mwana. Muthanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Mtsikanayo ayambe sikelo msanga, chifukwa pa msinkhu umenewo thupi silinakhwime, ndipo akachirire kuchipatala, kaya ku Holy Family kaya kuchipatala chachikulu cha boma ku Migowi, monga mmene a zaumoyo angamuuzire. Khandalo likabadwa lilembetsedwe kuti likhale ndi chiphaso cha kubadwa. Mukaonanenso ndi ahedi, malo ake asungidwe, poti ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Ndiwonjeze kwa ena amene akumvera: wopereka pathupiyo akanakhala munthu wamkulu, sitikanayamba ndi zokambirana, tikanayamba ndi kupolisi.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma pali uthenga wa pafoni wochokera paboma. "Takhala limodzi zaka 7 popanda chinkhoswe, tinangolowana. Tili ndi mwana mmodzi. Golosale ndi puloti zili m'dzina lake, koma m'golosalemo ndimagulitsa ndine. Pano akundimenya kuti ndichoke, akuti sindine mkazi wake."

LOYA: Achemwali, choyamba ndi moyo wanu. Pitani ku Victim Support Unit lero lomwe, mukatenge kalata yopita nayo kuchipatala kuti mabala alembedwe. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limateteza ngakhale anthu ongokhalira limodzi, ndipo khoti litha kumuletsa kukuyandikirani, kapena kulamula kuti inu ndi mwana mukhalebe m'nyumbamo iye atuluke, ngakhale nyumbayo ili m'dzina lake.

Zoti sindinu mkazi wake, wogamula si iye. Lamulo la 2015 limazindikira ukwati wa anthu amene akhala limodzi ngati banja kwa zaka zosachepera 5, koma khoti ndilo liyenera kunena kuti apa panali ukwati. Lidzafunsa ngati munkakhala nyumba imodzi, ngati chuma munkayendetsa limodzi, ngati pali ana, ndiponso mmene anthu ankakuonerani. Anansi, amfumu, a kumpingo, ngakhale abale ake amene ankakuitanani kuti alamu pamaliro ndi pazikwati, onsewo ndi mboni.

Dzina la papepala silitseka nkhani. Gawo 24 la malamulo aakulu limapatsa mayi ufulu wogawiridwa katundu mwachilungamo ukwati ukatha, ndipo lamulo la 2015 limawerengera ngakhale thukuta losaoneka ndi ndalama, monga kuphika, kulera ana ndi kusamala pakhomo. Mu 2020 khoti lalikulu ku Blantyre linafika pogamula kuti mayi amene anavutikira banja mwamuna wake akuphunzira kuyunivesite ayenera kulipidwa chifukwa cha gawo lake pa maphunzirowo. Nanji inu amene mumaima kuseri kwa kauntala? Musanachoke pakhomopo, ngati mungathe popanda kudziika pangozi, jambulani pafoni katundu wa m'golosale, kope lolembamo malonda ndi mapepala a puloti. Nkhani ya puloti ingafunike loya, ndiye mukafike ku Legal Aid Bureau, amene amayimira anthu osakwanitsa kulipira. Maofesi awo aakulu apafupi ali ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo kalaliki wa khoti angakuuzeni kumene mungawapeze msanga.

WOULUTSA: Makalata a ku Mpasa ndi ku Nambazo okhudza kulanda katundu wa amasiye tawalandira, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.